Momwe ndinazimitsira Secure Boot pa laputopu yanga

Ndinkafuna kuika Arch Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta, monga Windows) kuchokera pa flash, koma laputopu imangoikana. Vuto linali Secure Boot. Imalola mapulogalamu okhala ndi siginecha yovomerezeka okha kuyatsa kompyuta, ndipo Arch ilibe siginechayo.

Ndinayatsanso makina n'kudina F2 mobwerezabwereza mpaka kulowa mu BIOS, momwe mumasinthidwa zoikamo zoyambira za kompyuta. Secure Boot ndinaipeza pansi pa Boot, koma yotuwa, yosadinika. Apa ndiye ndinatayapo nthawi! Kani umayamba wapita ku Security n'kuika Supervisor Password. Nditaika, inatseguka. Ndinasankha Disabled, n'kusunga ndi F10, flash n'kuyamba kugwira.

Ngati Windows yanu ili ndi BitLocker (yomwe imakiya deta ya pa disiki), lembanitu recovery key yotsegulira disikiyo, ya manambala 48, musanakhudze kalikonse. Ineyo BitLocker inandifunsa keyyo nditangobwerera ku Windows, mwayi ndinali nditaisunga pafoni.