Mmene mungayambire kukhala chete pamaso pa Mulungu tsiku lililonse, olo pakhomo pali phokoso

Kuno ku Mangochi nkhani yopemphera sitisewera nayo, zimenezo nde palibe angatsutse. Lachisanu mizikiti imadzaza mpaka ena kuswalira panja, Loweruka a Seventh Day, Lamulungu masipika amatchalitchi ali pamwamba kuyambira ku Boma mpaka ku Monkey Bay, tisaiwalenso ma ovanaiti ndi mapemphero akuphiri. Koma pali kambali kamodzi kamene ambirife timakadumpha, kokhala pansi wekhawekha, pakamwa pali tseke, kwa mphindi zochepa chabe koma tsiku ndi tsiku. Ine ndimaona kuti khalidwe la munthu limasinthira pamenepa kwambiri kuposa pa msonkhano waukulu wa kamodzi pachaka, chifukwa kumsonkhano umatenthedwa ndi moto wa anzako, ukabwerera kunyumba pofika Lachitatu wayambanso kukalipira ana ngati kale.

Ena mukamva za kusinkhasinkha mumati ndi zachizungu, ena mpaka kumati ndi za satanic. Ayi ndithu. Mtumiki Muhammad (SAW) asanalandire chivumbulutso choyamba cha m'ma 610 ankapita kukabindikira yekha kuphanga la Hira pafupi ndi Makka, ndipo mpaka lero masiku 10 omaliza a Ramadhan anthu amachita itikafu, kubindikira mumzikiti kumapembedza. Akhristu tsegulani Marko 1:35, muona Yesu akudzuka kudakali mdima kupita kopanda anthu kukapemphera. Ndiye zinthuzi ndi zathu zomwe, tinangozisiya.

Tiyambe ndi nthawi, poti apa ndi pomwe ambiri amagwera. Musanene kuti ndizichita ndikapeza mpata, mpata sumapezeka, maka ngati muli pa geni kapena muli ndi ana ang'onoang'ono. Imangirireni pa chinthu chomwe chimachitika kale tsiku lililonse. Mwayi wathu kuno ndi woti alamu tili nayo yaulere, azana ya Subuhi imalira cha m'ma 4 koloko miyezi yotentha, nyengo ya mwera imasendera cha ku 5. Msilamu mukamaliza swala musafulumire kupinda mkeka, khalani pomwepo. Mkhristu palibe tchimo kudzutsidwa ndi azana, dzukani musambe kumaso mukhale pansi. Nthawi imeneyi ndi yabwino chifukwa kunja kumakhala kukadali kozizirira, mukadikira 7 koloko mu Okutobala kapena Novembala malata ayamba kale kuotcha ndipo mudzangokhala mukuganiza za thukuta. Koma si onse angathe m'mawa. Msodzi amene wachezera panyanja ndi nyali kusaka usipa akamafika padoko m'mawa amakhala ali tulo tokhatokha, iyeyo nthawi yake ndi madzulo asanakwere bwato. Mayi amene amadzuka 3 koloko kukazinga mandazi akhoza kutenga nthawi ija ufa ukufufuma. Chachikulu ikhale nthawi imodzimodzi.

Yambani ndi mphindi 10 basi. Ndikudziwa ena muti zachepa, munthu wozolowera ovanaiti mphindi 10 nchiyani, koma tayesani kaye muone kutalika kwake mukakhala osalankhula. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu mutha kufika 15 kenako 20. Kuposa apo sikofunika kwa munthu wapantchito.

Malo musavutike nawo. Sikuti mpaka mupite ku Cape Maclear kukakhala pamwala. Pakhonde, kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mango, pakona ya chipinda ena akadali mtulo, kulikonse bola malo omwewo tsiku lililonse. Udzudzu wakuno mumaudziwa, nthawi ya mbandakucha ndiyo umalusa, nde fundani chitenje kumiyendo kapena ingokhalani mkati mwa neti momwemo koma mutadzuka nkukhala tsonga, osagona chagada ayi, mukagona ndiye mwapita. Foni ndiye mdani wamkulu. Itchereni alamu ya mphindi 10, zimitsani data, iikeni chafufumimba patali poti dzanja silifika. Mukangoti ndione kaye WhatsApp kamodzi, mupeza uthenga wa maliro, wina akukumbutsa ngongole ya banki mkhonde, wina watumiza vidiyo, basi mtima wabalalika tsiku lisanayambe nkomwe.

Tsopano kakhalidwe kake. Khalani pamkeka kapena pampando, msana woongoka koma osaumitsa thupi ngati msilikali, manja pa ntchafu. Maso mutha kutsinzina, koma ngati mukuona kuti tulo tikubwera asiyeni otsegula pang'ono muziyang'ana pansi patsogolo panu. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono mpaka mimba ikwere, muutulutse mochedwerapo kuposa mmene munaukokera. Kutulutsa mpweya mochedwa chonchi kumachepetsa liwiro la kugunda kwa mtima, ndi mmene thupi linapangidwira, palibe zamatsenga. Chitani choncho kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kenako musiyeni mpweya uziyenda wokha.

Kenako mufunika kamawu kamodzi kogwirira, kakafupi. Msilamu muli nako kale, Subhanallah ka 33, Alhamdulillah ka 33, Allahu Akbar ka 33, koma kusiyana kwake nkoti pano musathamange ngati mukuwerenga ndalama zapamsika. Chala chachikulu chizikhudza mfundo imodzi ya chala, mutchule liwu limodzi, mupume, kenako mfundo ina. Muona kuti tasibihi yomwe mumaimaliza pa mphindi imodzi ikutenga mphindi zonse 10. Achikulire a gulu la Chisilamu la Kadiriya amadziwa sikiri, ija yapagulu imene dzina la Allah limayenda pamodzi ndi mpweya, pomwe Asilamu a gulu la Sukuti ankalimbikira zokhala chete, mkangano umenewo ndi wakalekale ndipo ine sindilowamo, ndikungoti zolumikiza dzina la Mulungu ndi kupuma si zachilendo kuno kwathu. Mkatolika tengani kolona koma musati mpaka ndimalize yonse, ma Tikuoneni Maria 10 okha onenedwa modekha akwanira. Wa CCAP, wa Anglican kapena wa Pentekosite tengani vesi imodzi yaifupi, monga Salimo 23:1 kapena Salimo 46:10, muiwerenge katatu mokweza pang'ono, pamene pakukhudzani muimepo, muzibwereza mawu awiri atatu amenewo mumtima. Osati chaputala chonse. Osati kukonzekera ulaliki wa kumlaga. Vesi imodzi ikhoza kukutengerani sabata yathunthu ndipo palibe vuto.

Apa nde pofunika kumvetsetsa, chifukwa ambiri amasiyira pompa. Mukangokhala chete maganizo amabwera ngati aitanidwa. Fizi ya mwana, mtengo wa chimanga, mawu aja anakunenani apongozi chaka chatha, mpira wa dzulo, ngakhale kanyimbo kachabechabe komwe munamva pa kabaza. Munthu amati ine sindingathe izi, mutu wanga ndi waphokoso. Aliyense mutu wake ndi waphokoso, olo shehe olo abusa. Maganizo ali ngati bwato lomangidwa padoko nthawi ya mwera, limatengeka ndithu, ntchito yanu ndi kungokoka chingwe libwerere, likatengekanso mukokenso. Mukazindikira kuti mwapita kutali musadzikalipire, musayambenso kulimbana nalo ganizolo, ingobwererani ku kamawu kanu kaja. Mukabwerera ka 50 pa mphindi 10 ndiye kuti mwagwira ntchito ka 50, simunalephere. Ndipo luso lomweli, loona kuti mtima wanyamuka nkuubweza, ndi lomwe lidzakuthandizeni masana kasitomala akakutukwanani kapena kondakitala akakana kukupatsani chenji. Pamakhala kampata kakang'ono pakati pa kupsa mtima ndi kutsegula pakamwa, kampata kameneko kamakula mukamachita zimenezi.

Ngati ganizo lina likungobwerabwera chifukwa ndi lofunikadi, monga kukumbukira kuti lero ndi tsiku la sikelo ya mwana, khalani ndi kakope pambali mulembe mawu awiri mubwerere. Mutu ukadziwa kuti zalembedwa umasiya kukukumbutsani.

Alamu ikalira musadzambatuke. Nenani duwa kapena pemphero lalifupi, mutchule munthu mmodzi amene mukumane naye lero, makamaka uja amakutopetsani, kenako nyamukani mukayatse mbaula.

Mbali yachiwiri ndi yamadzulo ndipo ndi yaifupi, mphindi 5 musanagone. Njira imeneyi anaiphunzitsa kwambiri Ignatius wa ku Loyola, amene anayambitsa chipani cha ma Jesuit m'zaka za m'ma 1500, ndipo Asilamu nawo ali nayo, amati muhasaba, kudziwerengera wekha. Mumayamba ndi kuthokoza pa zinthu zenizeni za tsikulo, osati zongoti zikomo pa moyo ayi, tchulani kuti utaka unagulidwa wonse, mwana kutentha thupi kwatsika, mnzanga anandibwereka njinga. Kenako yendani m'tsiku lonse kuyambira m'mawa, muone pamene mtima unali mmalo ndi pamene unathawa. Mupeza kuti ndi malo omweomwewo tsiku ndi tsiku, mwina mumakwiya nthawi zonse cha m'ma 1 koloko dzuwa lili paliwombo musanadye, mwina miseche imayamba mukakhala ndi gulu lakutilakuti pamjigo. Mukaona zimenezo pepesani kwa Mulungu mwachidule, musankhe kanthu kamodzi kokha ka mawa. Kamodzi. Osalonjeza kusintha moyo wonse usiku umodzi. Ndipo chonde iyi si nthawi yozenga mlandu anthu ena, mukapezeka kuti mukuwerenga zolakwa za akazi anu kapena amuna anu ndiye kuti mwasochera.

Nanga mudziwa bwanji kuti zikuyenda? Musayembekezere masomphenya, kunjenjemera kapena kumva mawu. Masiku ambiri simumva kalikonse, ena mudzangoona ngati mwataya nthawi. Kusinthako amayamba kukuona ndi anthu apakhomo. Mwana akataya ndiwo mumayamba mwapuma kaye. Munthu akamalankhula mumamumvera mpaka amalize. Kupepesa kumapepukirako. Ngongole ya eni mumayamba kuiganizira zobweza mmalo mozemba njira. Izi zimatenga miyezi, nde musadziyeze pa sabata imodzi. Ndipo chenjerani ndi kamtima kodziona woyera, koyamba kunyoza anzanu kuti amapemphera mwaphokoso. Mukafika pamenepo ndiye kuti zalowa chibwana, pitirizani kupita ku Ijumaa, ku limana, ku Mvano ngati kale, kukhala chete kwanuku sikulowa mmalo mwa kusonkhana ndi anzanu.

Mudzadumphitsa masiku, zimenezo nzosachita kufunsa. Kugwa maliro ku Namwera kapena ku Makanjira, mugona kusiwa masiku awiri, kubwera alendo, mwana adwala. Mukabwerera musati ndibweze masiku onse aja ndi ola lathunthu, ingoyambirani pa mphindi 10 zomwe zija. Zimathandizanso kukhala ndi mnzanu mmodzi amene mukuchita naye, aliyense kwawo, nkumangofunsana pa sabata kamodzi kuti zikuyenda bwanji.

Pali anthu ena amene akakhala chete mmalo mopepukidwa zinthu zimakula, zakale zowawa zimabwerera mwamphamvu, mtima kuthamanga, mantha, kulira kosaleka. Zikatero tsegulani maso, imirirani, yendani pang'onopang'ono uku mukutchula kamawu kanu mokweza, ndipo tsiku lotsatira chepetsani zikhale mphindi 3 zokha. Koma ngati papita masabata tulo osabwera, chakudya osachifuna, kapena mwayamba kuganiza zodzichotsa moyo, musati ndingowonjezera mapemphero. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, kaya ndi shehe, abusa, abambo mfumu kapena m'bale wanu, ndipo akuperekezeni kuchipatala chaboma ku Boma kapena chilichonse chomwe muli nacho pafupi mukafotokoze momwe mukumvera, matenda a nkhawa ali ndi chithandizo chake ngati malungo omwe.