Momwe ndinapulumutsira koko wanga m'chilimwe

Koko amafuna chinyezi kwa miyezi 7 kapena kupitirira apo, pamene mvula ya kuno ku Lusaka imayamba mu Novembala n'kusiya mu Epulo, motero masamba a koko wanga ku Chelston ankafota n'kupsa m'mphepete pofika Okutobala.

Ndinasiya kubzala pamizere ngati chimanga. M'malo mwake ndinakumba maenje akuya masentimita 30 pafupi ndi nthochi kuti azipeza mthunzi, ndinathiramo manyowa a ng'ombe owolerana, ndipo pamwamba ndinaphimbira ndi udzu wouma wambiri. Ndimathirira madzulo ndi madzi otsukira ndiwo ndi mpunga, koma a sopo sindithirako. Udzuwo ndiwo unathandiza kwambiri, chifukwa dothi la m'maenjemo silikuumanso msanga, ndipo masamba atsopano akuphuka obiriwira.