Mmene mungayambitsire magazini ya pa intaneti ya ana a sukulu, isafe inu mukamaliza

Anzanga a pa yunivesite ya Zambia (UNZA), a pa koleji ya Evelyn Hone ndi nonse amene mumalemba ndakatulo kumapeto kwa kope la manotsi kenako n'kubisa, izi ndalembera inu. Ife yathu tinayamba tili anayi, titakhala pa kapinga pafupi ndi Goma Lakes, foni imodzi yokha ndiyo inali ndi bando, ndipo zambiri zimene ndinene pano tinazidziwa titapsa kale zala.

Musathamangire dzina ndi logo, zimenezo zimabwera zokha. Yambani ndi imelo ya magazini, osati ya munthu, ndipo pasiwedi aidziwe anthu atatu a zaka zosiyana pa sukulupo. Ife apa ndi pomwe tinagwa. Mnzathu amene anatsegula webusayiti anagwiritsa ntchito imelo yake, atamaliza sukulu anapita kwawo ku Chipata, foni anamubera mu basi, nambala anasintha, ndiye magazini athu awiri oyamba anatsekeredwa momwemo, mpaka lero timangowawerenga ngati alendo osatha kukonza ngakhale chilembo chimodzi. Zimandiwawabe.

Webusayiti ya ulere ya WordPress ndi yokwanira poyamba, ndalama ya domeni (adiresi yanuyanu ya pa intaneti) muisunge mpaka mutaona kuti mwafika kope lachitatu muli limodzi. Zithunzi zichepetseni, chifukwa wowerenga wanu ali pa foni ku Matero kapena ku Chawama ndi bando ya tsiku limodzi, tsamba likachedwa kutseguka amachoka basi. Pangani ndi PDF yaing'ono yoti anthu azitumizirana pa WhatsApp, kumeneko ndiye kumayenda zinthu kuno kwathu.

Polandira zolemba gwiritsani ntchito Google Forms, ndipo nenani momveka zomwe mukufuna: ndakatulo zisapitirire zitatu, nkhani isapitirire mawu 2,500, tsiku lotseka ndi lakuti. Munthu mmodzi azichotsa maina asanapereke zolembazo kwa amene azisankha. Izi musazinyalanyaze chonde, chifukwa amene mumagona naye chipinda chimodzi adzatumiza, chibwenzi chanu chidzatumiza, ndipo mukaona dzina mtima umafewa. Dzina likachoka mumatha kusankha ndakatulo ya mwana wa chaka choyamba amene simunamuonepo n'kusiya ya tcheyamani wa kalabu, ndipo palibe angakuimbeni mlandu wa tsankho.

Manje nkhani ya chilankhulo, apa ndiye khalani pansi mukambirane bwinobwino. Kuno ku Zambia, potsatira kalembedwe komwe Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977, timalemba Cinyanja ndi c yekha, pomwe ku Malawi amaika ch. Ndiye palinso Chinyanja cha mu tauni chomwe chasakanizana ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chizungu. Ine maganizo anga, wolemba musiyireni mawu ake, ngati munthu wa m'nkhani yake ndi kondakitala wa pa Kulima Tower alankhule ngati kondakitala, musamusandutse wowerenga nkhani pa wailesi. Chomwe muyenera kuonetsetsa n'chakuti nkhani imodzi isalembe c pamwamba ch pansi. Ndipo musaope kuika Chinyanja ndi Chizungu mu kope limodzi, ana a sukulu a Writers Group ya ku Chancellor College ku Malawi, yomwe inayamba mu 1970 muli mlakatuli Jack Mapanje, ankatulutsa magazini ya Odi mu Chichewa ndi Chingerezi kalekale kulibe intaneti, inu mukulephera chiyani muli ndi foni m'thumba.

Kukonza zolemba chitani pa Google Docs, muziika ndemanga m'mbali, wolemba avomere yekha. Osasintha mzere wa ndakatulo ya munthu mwakachetechete, ena mzere umodzi anaulimbana nawo sabata yonse. Amene simunawasankhe ayankheni onse, mizere iwiri yokha yaulemu, ndipo ngati pali chomwe chinakusangalatsani mutchule, ambiri amene tinawakana koyamba anabweranso ndi zabwino kuposa.

Mulembe poyera kuti nkhani ndi ya mwini wake, inu mwangopempha kuitulutsa koyamba, akafuna kukaiika m'buku mtsogolo ndi ufulu wake. Ngati mukulandira za ana a sekondale osakwana zaka 18 pemphani chilolezo cha makolo kapena aphunzitsi. Mizere ingapo muziiponya pa Google kuona ngati sinabedwe, ndipo nenani pasadakhale maganizo anu pa zolembedwa ndi ChatGPT.

Kawiri pa chaka n'kokwanira. Musalonjeze mwezi ndi mwezi, mayeso akayandikira aliyense amasowa ndipo magetsi akazima maola ambiri laputopu imakhala chikuni. Zolemba zitsitseni mu foni magetsi alipo, muziwerenga ngakhale mu mdima.

Tsiku lotulutsa pemphani kalasi yopanda anthu, olemba awerenge mokweza, wina ajambule timavidiyo ta Facebook. Pa tsiku limenelo yang'anani ana a chaka choyamba amene akhala kumbuyo osalankhula koma atsala mpaka kumapeto kuthandiza kubweza mipando, amenewo ndi akonzi anu a mawa. Atengeni awiri nthawi yomweyo, ayambe ndi kuchotsa maina, kope lotsatira awerenge nawo, lachitatu alitsogolere okha inu mukungoonerera. Ife pano tili ndi kope lachikuto cholimba momwe timalemba zonse, kalata yokanira, masiku otsekera, mmene timaikira nkhani pa webusayiti, ndipo mwezi wathawu ndinalipereka kwa mtsikana wa chaka chachiwiri wochokera ku Katete, ali kale pa kalikiliki kuwerenga za kope likubwerali.