Kwa osaka anthu osochera pa Mulanje nyengo yozizira

Inu amene mumadzipereka kukasaka anthu osochera paphiri la Mulanje, chonde zoyeserera zanu musamangopangira masana dzuwa likuswa mtengo, pangani mu Juni ndi Julayi chiperoni chitagwira, ngakhale usiku, chifukwa ku Sapitwa kuja, mamita 3,002, chifunga chikatsika simuonana olo mwayandikana. Zolowerani kuitanana ndi wezulo, mawu amangothera mumphepo. Foni ndi mabatire a tochi muziika mthumba lamkati, kuzizira kumamaliza chaji msanga.

Mukampeza munthu akunjenjemera mvuleni zonyowa, muyalireni kanthu asagone pamwala, mfunditseni mpaka kumutu. Tiyi wa shuga mpatseni pokhapokha ngati akutha kumeza bwinobwino. Kachasu ayi ndithu, amangopangitsa thupi kutaya kutentha, komanso osamutikita manja ndi miyendo.