Mabushi a masipuling'i a lole: alabala kapena a polyurethane? Umu ndi momwe mungasankhire

Lole ikayamba kulira gu! gu! kunsi mukamadutsa pa Lizulu, ambiri amathamangira kunena kuti sipuling'i yathyoka. Nthawi zambiri amakhala mabushi, timphira tokhala m'diso la sipuling'i (bowo la kumapeto kwake) ndi pa shakolo (kachitsulo kolumikiza sipuling'i ku chasisi) tija. Ndiye mwafika pa shopu ya masipeyala pa boma la Ntcheu, mnyamata akufunsani kuti, "Bwana, alabala kapena a poly?" Poly ndiye polyurethane, mtundu wa pulasitiki. Musayankhe msanga.

Yambani mwatsimikiza kuti athadi. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, ikani miyala kumatayala, kwezani chasisi ndi jeke ndipo muichirikize bwino musanalowe kunsi. Pizani ndi chitsulo pa diso la sipuling'i. Ngati likugwedera, labala wang'ambika, kapena pini wodutsa m'kati mwa bushi wayamba kudyeka, nkhani yatha. Matayala akumbuyo odyeka mbali imodzi komanso lole yoyenda chammbali ngati nkhanu zimalozanso komweko.

Kenako onani chomwe chinalimo. Malole ena akuluakulu amabwera ndi mabushi achitsulo kapena amkuwa okhala ndi nipo ya girizi. Ngati yanu ndi yotero, bwezeranimo omwewo basi.

Tsopano dzifunseni kuti lole yanu imadya msewu uti. Labala ndi wofewa, amameza kugwedezeka, salira, safuna girizi, ndiponso ndi wotsikirapo mtengo. Mdani wake ndi oyilo ndi dizilo: zikamadonthera pamenepo amafufuma n'kuphwasuka. Polyurethane ndi wolimba, saopa oyilo, ndipo saphwanyika msanga ndi katundu wolemera. Canter kapena Dyna yomwe imadzaza matumba a mbatatesi ndi kabichi n'kumayenda pa tala wa M1 kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre imakhazikika bwino ndi poly, makamaka pokhota. Koma kulimba komweko ndiye vuto lake. Zomwe labala akanameza, poly amazipatsira ku mabulaketi, ku chasisi ndi ku msana wa dalaivala. M'misewu yafumbi ya ku Tsangano, komwe lole imalowa yopanda katundu kukatenga mbewu m'madimba, mudzamva mwala uliwonse.

Apa ndiye pagona nkhani, girizi. Bushi ya poly imazungulira pa kachubu kachitsulo ka m'kati, choncho ikauma imalira ngati chitseko cha nkhokwe. Imafuna girizi wa silicone kapena amene wabwera m'paketi mwake, osati aliyense wopezeka pa galaja. Fumbi likasakanikirana ndi giriziyo limasanduka sandipepa n'kumadya bushi ndi pini yemwe. Ngati mukudzidziwa kuti kunsi kwa lole mumasuzumirako pokhapokha chinthu chikagwa, gulani labala wabwino. Ineyo lole ya m'fumbi sindingaiikire poly.

Popita kogula nyamulani bushi yakale ndi pini wake. Muyeze kukula kwa diso, kunenepa kwa pini ndi kutalika kwa bushi, chifukwa zakutsogolo ndi za pa shakolo sizifanana nthawi zonse. Musinthe mbali zonse ziwiri tsiku limodzi, ndipo musaike labala kumanzere poly kumanja. Pini wodyeka mutayiretu, adzangokutherani bushi yatsopano.

Poika, palani dzimbiri m'diso. Poly nthawi zambiri amabwera mabandu awiri olowa ndi manja kapena vayisi. Labala wokhala ndi chitsulo kunja amafuna pulesi, pamene wopanda chitsulo amalowa ndi madzi a sopo, osati oyilo.

Chomwe amakaniko ambiri amaphonya ndi ichi: mabauti a bushi ya labala musawamangitse lole ili pa jeke. Itsitseni kaye iime ndi matayala ake, ndiye mumange. Mukamanga ili m'mwamba, labalayo amakhala wopotoka kuyambira tsiku loyamba ndipo sachedwa kung'ambika. Mukapanga maulendo awiri kapena atatu, loweninso kunsi ndi sipanala, muyese mabauti onse pamodzi ndi ma U-bolt, mabauti opindika omangira sipuling'i ku ekiselo.