Kusamala O-ring ya bokosi la kamera ya pansi pa madzi

Madzi akalowa m'bokosi la kamera, kawirikawiri amakhala adutsira pa O-ring, mphira wozungulira wa pachitseko uja. Tsitsi limodzi kapena kamchenga kamodzi n'kokwanira kuononga kamera. Ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay madzi alibe mchere, koma mchenga ndiye uli paliponse, choncho musatsegulire bokosi pagombe.

Pochotsa mphira, ufinyeni ndi zala ziwiri mpaka utukuke, kapena utoseni ndi kakhadi kapulasitiki. Mpeni ndi singano ayi, zimakanda ngalande imene mphirawo umakhalamo. Pukutani ngalandeyo ndi kansalu kosasiya ulusi. Kenako unikani mphirawo powala, muone ngati wang'ambika kapena waphwatalala.

Girizi wopaka pa mphirawo achepe ngati njere ya mpunga, mphira ungonyezimira basi. Iye satseka madzi, amangothandiza mphira kutsetsereka n'kukhala bwino m'malo mwake, ndipo akachuluka amakoka mchenga. Pakani amene opanga bokosilo ananena, chifukwa girizi wamba wa silicone amatupitsa mphira wa silicone. Vaseline musayerekeze n'komwe.

Musanaike kamera, ikani kapepala kouma m'kati, tsekani, mumize bokosilo mu ndowa ya madzi ndi kudina mabatani onse, kenako muone ngati kapepalako kanyowa. Bokosi limakonda kudontha likadali m'madzi osaya, madzi asanakanikize mphira mokwanira. Mphirawo muzisintha chaka chilichonse.