Momwe mungaziziritsire laser yolembera pa matabwa kuti diode isapse

Ndimalemba mayina pa matabwa kuno ku Kasungu: makiyiholoda, timatabwa ta mphatso za pachinkhoswe, nthawi zina tizikwangwani ta pageti. Makina ake ndinalumikiza ndekha, ndipo diode ziwiri (tizipangizo timene timatulutsa kuwala kwa laser) zinandipsera ndisanazindikire chimene chimazipha. Anyamata angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp momwe ndimaziziritsira laser yanga, ndiye ndati ndingolemba kamodzi.

Tisanapite patali, magalasi. Laser ya buluu ya 445 kapena 450 nm (nm ndi muyeso wosonyeza mtundu wa kuwala) imawononga diso musanaphethire n'komwe, ngakhale kuwalako kutangonjanja pa chitsulo. Gulani magalasi olembedwa nambala ya OD (yosonyeza mphamvu yake yotchinga kuwala) ndi ma nm amene amatchinga. Magalasi a dzuwa sathandiza. Ikamayaka, ana ndi makasitomala adikire panja.

Choyamba, dziwani kukula kwa moto umene mukulimbana nawo. Pa magetsi amene diode imadya, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi limene limasanduka kuwala. Otsalawo amasanduka kutentha. Ndiye diode yotulutsa mawati 5 a kuwala imatulutsanso mawati 10 kapena kuposerapo a kutentha, onsewo pa kachitsulo kakang'ono ngati njere ya chimanga. Apa chenjerani ndi ogulitsa. Bambo wina wa ku Lilongwe anandigulitsa module (diode yoikidwa kale m'kanyumba kake) yolembedwa 40W, ine n'kumayenda chothimbwidzika. Kumeneko kunali kungokometsa malonda, kuwala kwake kunali kwa mawati 5 basi. Mufunseni wogulitsa mawati a kuwala. Akayamba kuzungulira, sungani ndalama zanu.

Chachiwiri, heatsink, chitsulo chokoka kutentha kuchoka pa diode n'kukutaya mu mpweya. Kopa amanyamula kutentha bwino kwambiri, pafupifupi 400 W/mK (muyeso wa kanyamulidwe ka kutentha), pamene aluminiyamu ali pa 200 ndi zakuti. Koma kopa ndi wolemera komanso wodula, choncho diode ikhale m'kabotolo kake ka kopa ka mamilimita 12, kabotoloko kalowe mu aluminiyamu wa zipsepse. Musavutike kuitanitsa kunja. Pitani kwa okonza makompyuta, mukapemphe heatsink ya kompyuta yakufa, makamaka yokhuthala pansi. Ine ndinaipeza ndi fani yake yomwe pa mtengo wa mbale ya nsima ya nkhuku. Za kukanikizira diode m'kabotolo ndi kuwotcherera mawaya ndikhulupirira mukudziwa kale.

Chachitatu ndiye pamene ndinalira. Ndinapita ndi heatsink ija kwa owotcherera zitsulo kuti andiboolere bowo la mamilimita 12. Mnyamata wake analibe biti ya 12, anati, “Achimwene, 13 ndi yomweyo, ingolowa bwinobwino.” Inalowadi, mpaka kumagwedera ngati dzino la mwana. Ndinati palibe vuto, ndinathira thermal paste (phala lothandiza kutentha kudutsa) wambiri ngati ndikumata nkhokwe, n'kumanga.

Tsiku lake linali la mu Okutobala, masana, m'shopu ya malata mukutentha ngati mu uvuni. Ndinali ndi makiyiholoda 30 a ukwati wa Loweruka. Pa kiyiholoda lachisanu ndinagwira heatsink, zii, yozizira. Ndinasangalala, ndinati ndine injiniya. Pofika pa lachikhumi zilembo zinasiya kuda, zikungotuluka zofiirira. M'malo mozimitsa, ndinakweza mphamvu pa driver, kachipangizo kowongolera magetsi opita ku diode. Sipanapite mphindi ziwiri, kuwala kuja kunangofooka n'kukhala ngati katochi ka batire lakutha. Diode yapita, ndalama yapita, ndipo mayi a mkwatibwi ndinakawapepesa nditagwira chipewa m'manja.

Chimene sindinadziwe n'chakuti heatsink yozizira pamene laser ikuyaka ndi chizindikiro choipa. Kutentha sikukufikako, kwatsekeredwa pa diode. Mpweya ndi wosanyamula kutentha, uli pa 0.026 W/mK chabe, ndipo paste nayenso amachepa kutali poyerekeza ndi chitsulo. Ntchito ya paste ndi kudzaza timikwingwirima tosaoneka ndi maso pakati pa zitsulo ziwiri zokhudzana kale. Sangakhale mlatho wodumphira mpata wa theka la milimita.

Ndiye chitani izi. Boolani bowo la 12 ndendende, ngakhale biti mugule nokha. Kenaka chekani ndi sowo ya zitsulo kampata kuchokera m'mbali mpaka kufika pa bowolo, boolani pena podutsa bawuti yaing'ono, kuti mukamamanga bawutiyo chitsulo chizifinya kabotolo ka kopa mbali zonse. M'kati mwa bowo pitanimo ndi sandipepa yosalala, pukutani bwino. Paste pakani pang'ono kwambiri, koti kopa aziwonekerabe pansi pake. Mangani mpaka module isatembenuke ndi zala, koma osachita kumangira ukali. Mukayatsa, heatsink iyambe kufunda pasanathe mphindi imodzi. Ikafunda, njira yatseguka. Ndipo chonde, mankhwala otsukira mano si paste, ngakhale mwaona wina akuchita pa YouTube. Amauma n'kusanduka choko.

Chachinayi, fani. Ya mavoti 12 ya m'kompyuta ikukwana. Iwuzire kudutsa m'zipsepse kulunjika pansi, kuti mphepo yomweyo izikankhira utsi kutali ndi lenzi. Ilumikizeni payokha kuti izizungulirabe laser ikazima. Fumbi la kwathu kuno mukulidziwa, zipsepse muzizitsuka ndi kaburashi sabata iliyonse. Za Peltier, kachipangizo koziziritsa ndi magetsi, musandifunse. Imadya magetsi ambiri, ndipo nthawi ya dzinja imabweretsa mame pa diode.

Chachisanu, driver. Nayo imatentha, makamaka ngati mwagwiritsa ntchito kachipangizo kotsitsa magetsi kotchedwa LM317, kamene kamawotcha mavoti otsala kukhala kutentha. Ipatseni kachitsulo kake, kutali ndi diode. Mphamvu musafikitse pa mapeto pa zimene pepala la diode likunena, chifukwa manambala a papepalapo nthawi zambiri amayezedwa pa madigiri 25, osati pansi pa malata a ku Kasungu. Amene mumadalira sola magetsi akazima, kumbukirani kuti batire la mavoti 12 likamatchajidwa limadutsa 14. Ikani regulator pakati, kachipangizo koletsa mavoti kukwera.

Zotsala ndi zazing'ono. Mamitala ambiri oyezera magetsi amabwera ndi kawaya koyezera kutentha, kamamatizeni pa kabotolo ka kopa, osati pa zipsepse. Ine ikafika madigiri 40 ndimazimitsa, fani n'kumazungulirabe. Ntchito zazikulu ndimagwira m'mamawa kapena dzuwa likapendeka. Lenzi ikachita mwaye wa paini imayamba kumwa kuwala n'kutentha yokha mpaka kung'aluka, ndiye ipukuteni ndi spiriti wa isopropyl ndi kathonje, laser mutaizula kumagetsi.